Rauta yodzipangira ikamadukaduka: kabolodi kakang'ono kapena motherboard ya kompyuta?

Dandaulo lake limafanana kulikonse, kaya ndi pa sukulu, pa loji, mu ofesi ya bungwe laling'ono kapena pakhomo pomwe mafoni ndi ambiri. M'mawa intaneti ili bwinobwino, dzuwa likamakwera yayamba kukoka, pofika masana yaduka. Wina amanyamuka kukazula pulagi n'kuibwezera, zinthu n'kuyenda masiku awiri kapena atatu, kenako zayambiranso. Mukatsatira mawaya mumakapeza kabolodi, kakompyuta kokwana m'chikhatho, Raspberry Pi kapena kena kofanana nako, kamene munthu wina anakaika kuti kazigawa intaneti, kutsekereza zotsatsa malonda ndi Pi-hole, kapena kutsegula VPN, njira yobisika yolumikizira makompyuta kudzera pa intaneti. Mlandu suchedwa kugamulidwa: kabolodika n'kachibwana, kachoke, pabwere kompyuta yeniyeni. Palinso ena omwe akulira ndi mbali inayo. Iwo anaika kompyuta yakale ya pa desiki, ikumeza mayunitsi usiku ndi usana, magetsi akangothima batire n'kuphwa posakhalitsa, ndiye maso awo ali pa kabolodi.

Chimandipweteka mtima n'chakuti ndalama zimatuluka vuto lisanadziwike. Kabolodi kali ndi malo ake omwe kamagwera, motherboard, bolodi yaikulu ya m'kompyuta wamba, nayo ili ndi ake, koma kwa amene wakhala pa desiki zonse zimaoneka chimodzimodzi, intaneti yaduka basi. Ambiri mwa mavuto omwe anthu amanamizira kuchepa mphamvu kwa kabolodi amachokera ku tchaja ndi ku khadi la SD losungira mapulogalamu ake, ndipo amatheka ndi ndalama zochepa. Alipo ena ochepa omwe sangatheke ngakhale mutachita zotani, ndipo pamenepo m'pomwe motherboard imayenera kulowa.

Yezani kaye

Tsamba loyezera liwiro la intaneti limasakaniza zinthu ziwiri, netiweki ya m'nyumba mwanu ndi mzere wa kampani yomwe imakugulitsani intaneti. Likaonetsa nambala yotsika simungadziwe wolakwa ndani. Zisiyanitseni ndi iperf3, pulogalamu yoyeza liwiro pakati pa makompyuta awiri. Pa kompyuta imodzi lembani `iperf3 -s`, pa inayo `iperf3 -c` kutsatiza adiresi ya yoyambayo, zonse zili pa waya, Wi-Fi mutaithimitsa. Yambani kuyeza pakati pa laputopu ndi bolodi, kenako muike bolodiyo pakati pa makompyuta awiri kuti data izilowa bowo lina n'kutulukira lina, monga zimakhalira pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Mzere wa gigabit wabwinobwino umapereka pafupifupi 940 Mbps.

Mukaona 94 Mbps yosasuntha, musayambe ndi bolodi, yambani ndi waya. Lamulo la `ethtool eth0` likuuzani ngati mzere wagwirizana pa 1000 kapena pa 100. Gigabit imafuna timawaya tonse 8 tam'kati, pomwe 100 Mbps imakwanira ndi 4, choncho kawaya kamodzi kakaduka makina sadandaula, amangotsika mwakachetechete. Zulani pulagi ya RJ45 ya kumapeto kwa waya, muiyang'ane pa kuwala. Nthawi zambiri mupeza kamano kamodzi kagolide kali m'mwamba pang'ono kuposa anzake chifukwa chopanira sichinakakanikize mokwanira, kapena kawaya kabulauni kanathera panjira osafika kumapeto. Waya wotchipa wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, wolembedwa CCA, amathyoka msanga pa malo otere, ndipo waya aliyense wa Ethernet sayenera kupitirira mamita 100.

Oyamba kuwakayikira ndi magetsi

Raspberry Pi 4 imafuna 5V ndi 3A kudzera pa USB-C, ndipo tchaja yake yeniyeni imatulutsa 5.1V mwadala kuti zina zikatayika m'waya zotsala zikwanirebe. Volteji ikatsika kupitirira 4.63V, bolodi imadziteteza pochepetsa liwiro la purosesa, ndipo zinthu zolumikizidwa pa USB zimayamba kugwa. Mpata wonse ndi wosakwana 0.5V. Waya wopyapyala wa tchaja ya foni akhoza kuudya yekha mpata umenewu: waya wa 0.25 ohm, magetsi a 2A akamadutsa, amataya 0.5V. Apa ndi pomwe pagona chinsinsi cha vuto lobwera nthawi ya ntchito. Kum'mawa, anthu asanafike, bolodi ikukoka magetsi ochepa ndipo zonse zili bwino. Ofesi ikadzaza, purosesa ndi adaputa ya USB, yopatsa bolodi bowo lachiwiri la netiweki, zimakoka ambiri, volteji n'kugwa, adaputa n'kuzimiririka. Mukazula pulagi n'kubwezera, adaputa ija imaonekanso, ndiye aliyense amakhulupirira kuti kuthimitsa n'kuyatsa ndiwo mankhwala.

Tchaja ya foni yolembedwa 18W kapena 33W isakunamizeni. Mphamvu imeneyo imaifika pokweza volteji kufika 9V kapena kuposa, foni ikagwirizana nayo. Pa 5V zina zimangopereka 2A.

Umboni uli pa bolodi pomwepo. Kababu kofiira ka PWR pa Pi 4 kamayenera kuyaka mosaphethira. Khalani pafupi nthawi yomwe anthu akutsitsa mafayilo, mukayang'anitsitse. Kakamaphethira kapena kuthima kwa kamphindi bolodi ikuyendabe, magetsi sakukwana. Kenako lembani `vcgencmd get_throttled`. Yankho la 0x0 likutanthauza kuti palibe chachitika chiyatsireni. Likakhala 0x50000 ndiye kuti volteji inatsikapo ndipo purosesa inachepetsedwapo liwiro, ngakhale panopa zili bwino. Likakhala 0x50005 zikuchitika nthawi yomwe mukuwerengayo. Lamulo la `dmesg | grep -i voltage` likuonetsani nthawi zomwe zinachitika, ndipo mukaziyerekeza ndi nthawi zomwe anthu amadandaula, kawirikawiri zimakumana.

Mankhwala ake ndi tchaja yopangidwira bolodiyo, kapena ina iliyonse yoperekadi 3A pa 5.1V yokhala ndi waya wonenepa ndi waufupi. Mabowo onse a USB a Pi 4 pamodzi amapereka 1.2A yokha, choncho modemu ya 4G ya USB, adaputa ya Ethernet ndi disiki zisamwere pamenepo zonse. Zipatseni habu ya USB yokhala ndi magetsi akeake. Raspberry Pi 5, yomwe inatuluka mu Okutobala 2023, ili ndi lamulo lakelake: tchaja yake ndi ya 27W yopereka 5A, ndipo ikaona kuti mwaipatsa ya 3A imachepetsa magetsi a pa USB kufika 600mA.

Kwa amene muli pa sola, musamakweze magetsi a batire kufika 230V ndi inveta kenako n'kuwatsitsanso ndi tchaja. Njira yozungulira imeneyi imataya mphamvu kawiri. Kachipangizo kotsitsa 12V kufika 5V, buck converter, kokwanitsa 5A ndi kotchipa, ndipo bolodi imamwa molunjika ku batire osaona n'komwe kuti magetsi a ESCOM athima. Kachunitseni pa 5.1V ndi mita musanalumikize bolodi, muikenso fyuzi pafupi ndi batire.

Khadi la SD

Khadi la SD linapangidwira kamera, yomwe imalemba chithunzi n'kupuma. Rauta yoyenda ndi Raspberry Pi OS imalemba mosalekeza: malogi, mndandanda wa ma adiresi omwe yagawa, nkhokwe ya Pi-hole yosunga funso lililonse la DNS, njira yosandutsira dzina la tsamba kukhala adiresi ya manambala. Kulemba kumeneku kumalitopetsa khadi, koma chimalipha msanga ndi magetsi othima lili pakati polemba. M'kati mwa khadi data imafufutidwa ndi kusamutsidwa m'zigawo zikuluzikulu, motero kuthima kumodzi kukhoza kuononga fayilo yomwe simunaikhudze kwa miyezi. Kwathu kuno si nkhani yongoganizira. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse mpaka chaka chotsatira. Khadi lokhala m'bolodi yopanda batire m'nyengo yotere silikhalitsa.

Zizindikiro zake n'zingapo. Magetsi akabwera bolodi siidzuka, kababu kofiira kayaka koma kobiriwira kangoti zii. Nthawi zina imadzuka koma `dmesg` yadzaza ndi mizere ya mmc0 ndi EXT4-fs error. Chizindikiro chonyenga kwambiri n'chakuti mwasintha zinthu, mwasunga, zagwira ntchito, koma mutathimitsa n'kuyatsa zonse zabwerera momwe zinaliri dzulo. Khadi limenelo ladzitseka, silikulandiranso zolemba, ndipo palibe kulikonza. Pamsika palinso makhadi achinyengo olembedwa 64GB pomwe m'kati muli malo ochepa. Khadi lililonse latsopano liyezeni ndi H2testw pa Windows kapena f3write ndi f3read pa Linux musanalikhulupirire.

Ngati ntchito ya bolodi ndi kugawa intaneti kokha, ine ndimasankha OpenWrt, Linux yopangidwira ma rauta, makamaka mtundu wake wa squashfs. Pulogalamuyi inayamba mu 2004 pa rauta ya Linksys WRT54G yomwe inali ndi malo ochepa kwambiri, choncho inaleredwa m'chizolowezi chosunga malogi mu RAM ndi kusalemba pa disiki popanda chifukwa. Ngati mukufunabe Raspberry Pi OS, yatsani overlay file system mu raspi-config kuti khadi lizingowerengedwa, podziwa kuti chilichonse chomwe mwasintha chimafufutika mukathimitsa pokhapokha mutayamba mwaichotsa overlay ija. Pulogalamu ya log2ram ndi njira yapakatikati. Pi 4 imathanso kudzukira pa SSD ya USB, yomwe ndi yolimba kuposa khadi, koma SSD nayo imakoka magetsi, ndiye nkhani ya tchaja ikhale itatha kale.

Wotchi yobwerera m'mbuyo

Pali vuto lina lomwe limabwera magetsi akabwerera, ndipo limasokoneza ngakhale odziwa ntchito. Mukayesa ndi lamulo la ping kufika pa adiresi ya 8.8.8.8 ikuyankha, koma masamba sakutseguka ndipo VPN siikulumikiza. Lembani `date`. Ma Raspberry Pi onse a m'mbuyo mwa Pi 5 alibe wotchi ya batire, amadalira intaneti kuti adziwe nthawi. Bolodi ikadzuka ndi deti lakale, DNSSEC, yotsimikizira kuti mayankho a DNS ndi enieni, imawakana, ndipo popanda DNS bolodi siingapeze dzina la seva yoipatsa nthawi. WireGuard, pulogalamu ya VPN, nayo imakana mnzake yemwe nthawi yake yabwerera m'mbuyo kuyerekeza ndi ulendo watha. Ikani seva imodzi ya NTP, yopereka nthawi, ndi adiresi ya manambala m'malo mwa dzina, kapena gulani kawotchi ka DS3231 kolumikiza pa timapini ta GPIO. Pi 5 ili ndi wotchi yake, koma batire lake mumagula padera. Motherboard wamba ili nayo kale, yoyendera batire la CR2032.

Njira yomwe data imadutsa

Apa ndi pomwe mabolodi amasiyanadi, ndipo tchaja yabwino siingathandize. Raspberry Pi yoyamba inatuluka mu 2012 ku Cambridge kuti ana aphunzirirepo kompyuta, ndipo Ethernet yake inkadutsa pa USB. Zinakhala choncho mpaka Pi 3. Pi 3 Model B ya 2016 imathera pa 100 Mbps. Pi 3 B+ ya 2018 ili ndi bowo la gigabit, koma kumbuyo kwake kuli chip ya LAN7515 yolumikizidwa ku purosesa ndi mzere umodzi wa USB 2.0, ndipo opanga ake eniwo amati imafika pafupifupi 300 Mbps. Mabowo anayi onse a USB amadutsanso pa mzere womwewo. Zili ngati mlatho wa matabwa wodutsa galimoto imodzi: zobwera ndi zopita zimadikirana. Mukaika adaputa ya USB kuti ikhale bowo lachiwiri, phukusi lililonse la data limawoloka mlathowo kawiri, polowa ndi potuluka, ndiye liwiro limatsikiratu. Ngati intaneti yanu ndi ya 20 kapena 30 Mbps simudzaona vuto. Ikadutsa 100 Mbps, Pi 3 ipatseni ntchito ina, monga Pi-hole yokha, yomwe imafuna zochepa kwambiri.

Pi 4 ya 2019 inasintha zimenezi. Ethernet yake ndi ya gigabit yeniyeni yosadutsa pa USB, ndipo ili ndi USB 3.0 yokwanira adaputa ya gigabit. Koma bowo ndi limodzibe, ndipo lachiwiri la pa USB lili ndi makhalidwe ake. Onani `dmesg` ngati muli mizere ya USB disconnect kapena ya reset. Ngati magetsi munawakonza kale, thimitsani kugona kwa USB poonjezera `usbcore.autosuspend=-1` mu cmdline.txt. Adaputa za Realtek RTL8153 zimayenda bwino pa Linux, koma pa OpenWrt zimafuna phukusi, kutanthauza kapulogalamu koonjezera, la kmod-usb-net-rtl8152, ndipo pali msampha: mukakweza OpenWrt kupita ku mtundu watsopano, mapukusi omwe munaonjezera sabwera okha. Bolodi imadzuka yopanda bowo la intaneti, ndipo popanda intaneti simungatsitse phukusilo. Kwezani pogwiritsa ntchito Attended Sysupgrade kapena chithunzi chomwe mwaikamo kale phukusilo. Mukakhala ndi adaputa ziwiri za USB, mayina eth1 ndi eth2 akhoza kusinthana podzuka, mbali ya kunja, yopita ku modemu, n'kukhala ya m'kati. Mangirirani dzina lililonse ku adiresi ya MAC ya adaputa yake.

Njira yomwe ndimaikonda kuposa adaputa ndi ya VLAN, yogawa waya mmodzi kukhala ma netiweki angapo. Swichi yaing'ono yotha 802.1Q imalola kuti bowo limodzi la Pi 4 linyamule mbali ya kunja ndi ya m'kati nthawi imodzi, iliyonse ndi chizindikiro chake. Zotsika ndi zokwera zimagawana gigabit imodziyo, koma pa intaneti ya mamegabiti 200 kapena 300 malo ndi otakasuka, ndipo mwachotsa chinthu chomwe chimagwa kawirikawiri. Apo ayi, alipo mabolodi opangidwira ntchito imeneyi, monga a NanoPi a FriendlyElec. Ngakhale pamenepo werengani bwino: bowo lachiwiri la R2S ndi chip ya USB yomatidwa pa bolodi, pomwe la R4S limadutsa pa PCIe, mzere wachangu wolunjika ku purosesa, ndipo R5S ili ndi mabowo awiri a 2.5 gigabit kuphatikiza limodzi la gigabit.

Kutentha ndi purosesa

Pi 4 imayamba kudzichepetsa liwiro ikafika 80°C. Lembani `vcgencmd measure_temp` masana, osati m'mawa. Bolodi yotsekeredwa m'kabati pansi pa malata mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, imafika pamenepo mosavuta. Bokosi la aluminiyamu lomwe limakhudza purosesa n'kutulutsa kutentha limaposa kafani kakang'ono, chifukwa kafani kamadzaza fumbi n'kuima miyezi isanathe.

Mphamvu ya purosesa imayamba kufunika pa ntchito zitatu. Yoyamba ndi SQM, yomwe imathetsa vuto lakuti munthu mmodzi akamatumiza vidiyo aliyense amadukadukira pa foni ya WhatsApp. Mumaika CAKE, njira ya SQM yogawa mzere mofanana, n'kuipatsa malire a pafupifupi 90 pa 100 a liwiro lenileni la mzere wanu, ndipo Pi 4 imakwanitsa izi pa mamegabiti mazana angapo. Yachiwiri ndi VPN. Purosesa ya Pi 4 ilibe malangizo ofulumizitsa AES, njira yobisira data, choncho OpenVPN imayenda mokwawa, pomwe WireGuard, yomwe imagwiritsa ChaCha20 ndipo inalowa mu Linux 5.6 mu 2020, imathamanga bwino pa bolodi yomweyo. Sinthani pulogalamu musanasinthe makina. Yachitatu ndi kusanthula data yonse ndi Suricata kapena Snort, ndipo apa kabolodi kasiyeni, kalibe mphamvu ya zimenezo. Poyeza, tsegulani `htop` iperf3 ikuyenda. Mukaona mutu umodzi wa purosesa uli pa 100 peresenti ina itangokhala, yatsani packet steering mu OpenWrt muyezenso.

Pulogalamu nayo imasankha makina. pfSense ndi OPNsense, mapulogalamu ena a rauta, zonse zomangidwa pa FreeBSD, zimatulutsidwa kuti mudziikire nokha pa makompyuta a amd64, kutanthauza a Intel ndi AMD. Amene akufuna imodzi mwa ziwirizi nkhani ya Raspberry Pi yathera pomwepo.

Motherboard nayo ili ndi zake

Ubwino wa motherboard wamba, kaya ATX, microATX kapena Mini-ITX ya masentimita 17 mbali zonse, ndi wosatsutsika. Muli malo a PCIe oikamo khadi la netiweki la mabowo awiri kapena anayi, muli SATA kapena NVMe m'malo mwa khadi la SD, RAM mumaonjezera, ndipo chinthu chikafa mumachipeza kwa okonza makompyuta ku Limbe kapena ku Area 2 tsiku lomwelo. Kabolodi kakapsa mumadikira phukusi lochokera kunja, ndipo pakati pa 2021 ndi 2023 ma Raspberry Pi anasowa padziko lonse, mitengo n'kukwera.

Koma amene wasamukira ku Dell OptiPlex kapena HP yakale amakumana ndi zatsopano. Choyamba chimaoneka tsiku loyamba magetsi kuthima: abwera, modemu yayaka, swichi yayaka, kompyuta ili duu kudikira munthu adine batani. Kabolodi kamadzuka kokha, kompyuta imafuna kuuzidwa mu BIOS, makonzedwe omwe mumalowamo ikangoyaka. Pa Dell fufuzani AC Recovery, pa HP After Power Loss, pa ena Restore on AC Power Loss, muike pa Power On. Zikagwira kwa miyezi kenako n'kusiya, batire la CR2032 latha ndipo BIOS yaiwala. Pa kompyuta ya zaka khumi lisintheni musanayambe n'komwe. Onaninso kuti BIOS isamaime kudikira F1 chifukwa chosowa kiyibodi, poti rauta imakhala yopanda kiyibodi ndi sikirini.

Chachiwiri ndi chip ya Ethernet. Ma motherboard ambiri otchipa ali ndi Realtek, yomwe pa Linux ilibe vuto lalikulu koma pa FreeBSD imadziwika ndi uthenga wa re0: watchdog timeout mzere ukadzaza. Intaneti imaduka ndendende ngati mmene inkachitira pa kabolodi, mwiniwake n'kuthedwa nzeru. Pa pfSense ndi OPNsense ikani khadi la Intel, la i210 kapena i350, ndipo pa 2.5 gigabit sankhani i226 kusiyana ndi i225 yoyambirira yomwe inkadula mzere. Kompyuta yopyapyala ya SFF imafuna khadi la chitsulo chachifupi kumbuyo, funsani musanalipire.

Chachitatu ndi chomwe chimandichititsa kuti ndisamafulumire kulangiza motherboard kwathu kuno. Tiyerekeze kompyuta yakale yodya mawati 30 itangokhala. Pa mwezi ndi mayunitsi 21.6. Pi 4 yodya mawati 4 ndi mayunitsi osakwana 3. Kusiyana kwa ndalama mwina mungakupirire, koma pa batire m'pomwe zimawawa. Batire la 12V 7Ah, longa la mu UPS yaing'ono, limasunga mawati-ola 84, ndipo kuti likhalitse mumangogwiritsa theka. Kabolodi, modemu ndi swichi zodya mawati 12 pamodzi zimayenda maola atatu ndi theka. Muike kompyuta ija m'malo mwa kabolodi, zonse n'kufika pafupifupi mawati 40, mwatsala ndi ola limodzi, inveta isanadyepo gawo lake. Ma power supply ena okhala ndi active PFC amathimanso okha akalandira magetsi a inveta yotchipa ya modified sine wave, ndiye UPS ilipo koma kompyuta ikuthimabe.

Pakati pa ziwirizi pabwera timakompyuta ta Intel N100, purosesa ya 2023, tambiri topanda fani, tokhala ndi mabowo anayi a i226, SSD yeniyeni ndi AES-NI yofulumizitsa AES, tomwa 12V. Timadya kuposa Pi koma kutalitali ndi kompyuta ya pa desiki, ndipo timayendetsa OPNsense. Kwa ofesi ya anthu 20 kapena 50 yokhala ndi mizere iwiri ya intaneti, ndi pomwe ine ndingaike ndalama. Musakalumikize molunjika ku batire la sola, chifukwa likamatchajidwa limafika 14.4V. Paikeni chowongolera volteji. Kwa nyumba, kashopu kapena sukulu ya kumudzi yoyendera sola, yomwe mzere wake sudutsa mamegabiti 200 kapena 300, Pi 4 kapena NanoPi yokhala ndi OpenWrt, tchaja yoyenera ndi batire ndi yokwanira. Kompyuta yakale ya pa desiki ndi yoyenera ngati muli nayo kale, magetsi a pamalopo ndi odalirika, ndipo mukufuna makhadi a PCIe kapena Suricata. Ndipo amene sakufuna Pi-hole kapena pulogalamu ina yapadera asadzivutitse: rauta ya MikroTik hEX ya mabowo asanu imalandira kuyambira 8V mpaka 30V ndipo siidzukira pa khadi la SD loti lionongeke.

Zomwe kusintha bolodi sikungakonze

Ngati vuto lanu ndi lakuti simungalowe mu netiweki yanu muli kunja, kaya kuona makamera kapena kulumikiza VPN, yang'anani adiresi yomwe rauta yalandira mbali ya kunja. Ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, muli kumbuyo kwa CGNAT, adiresi imodzi ya pa intaneti mukugawana ndi makasitomala ena ambiri. Izi n'zofala pa 4G ndi pa Starlink ya pakhomo, yomwe inafika ku Malawi mu 2023. Port forwarding, yotsegulira khomo olowa kuchokera kunja, siingagwire pa makina aliwonse. Pamafunika kugula adiresi yanuyanu, kugwiritsa IPv6, kapena kudutsira pa seva yakunja ndi WireGuard kapena Tailscale. Masamba ena akamatseguka ena n'kumangozungulira pa mzere wa PPPoE, ndi nkhani ya MTU, malire a kukula kwa phukusi la data, yomwe pamenepo ndi 1492, ndipo MSS clamping imathetsa. Bowo la Ethernet likamafa dzinja lililonse, wolakwa ndi waya wa kopa wodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri, yemwe amatola mphamvu ya ziphaliwali. Pamenepo pamafunika faiba kapena mlatho wa wayalesi, apo ayi mudzagula bolodi chaka ndi chaka.

Chilichonse chomwe mwasankha, musachoke pamalopo musanachiyese mwankhanza. Sungani kaye fayilo ya makonzedwe anu pa kompyuta ina, ndipo ngati ndi kabolodi, konzani khadi lachiwiri lofanana ndi loyamba, mulimate ndi tepi pa bokosi. Kenako thimitsani magetsi a zonse pakhoma, modemu, swichi ndi rauta nthawi imodzi, mudikire mphindi imodzi, muyatse, manja kumbuyo. Apa pamatulukira vuto lomwe pa tebulo silioneka: kabolodi ka OpenWrt kamadzuka m'masekondi ochepa, modemu ya faiba kapena mbale ya Starlink imatenga mphindi zingapo, ndipo rauta imafunsa adiresi modemu isanakonzeke. Ma modemu ena amaipatsa kaye adiresi yongoyembekezera, monga ya 192.168.100.x, rauta n'kuigwiritsitsa. Mukaona zimenezi, pa pfSense ndi OPNsense lembani adiresi ya modemuyo m'bokosi la Reject leases from pa mbali ya kunja (WAN), ndipo pa OpenWrt ikani phukusi la watchcat kuti liziyambitsanso mbali ya kunja ping ikalephera kwa mphindi zingapo. Mukatero thimitsaninso zonse pakhoma muone ngati zidzuka zokha.